Tsitsi ndi Zikhadabo za Nasoro

Nakala, 14 Marso 1971

Kwa inu a Mastura, amake Saumu,

Salaam aleikum. Ine ndili bwino, mlongo wanu Nasoro alinso bwino, wayamba kutuluka masaya ngati si uja ndinakwera naye komboyo, sitima ya pamtunda ija, pa Entre Lagos atafota ndi malungo. Kaya inu ku Chiutako, inu ndi ana ndi apongozi anga a Nafisa? A Amisi, inu amene mukuwerengera mkazi wanga kalatayi, muwerenge monga ndalembera, osadumpha, osathira mchere wanu.

Ntchito yosenza matumba pa doko taisiya. Kwafika sitima yopha nsomba ya anthu a ku Japani, inaperewera amuna awiri, ndipo kapitawo wake atationa zikhatho anadziwa kuti ndife a m'madzi. Talemba zaka ziwiri. Malipiro ake akuposa a Mzungu wa pa doko, ndipo chimenecho ndiye choyamba chondikayikitsa. Munthu sakupatsa zambiri chonchi asanadziwe ndi dzina lako lomwe.

Anthu ake ndi aafupi, oyera koma osati ngati Apwitikizi. Samenya, satukwana, amangowerama. Ukamupatsira chingwe awerama, ukamuponda phazi awerama iyeyo. Ine munthu woti ndamuponda n'kundiweramira ndimamuyang'ana kawiri. Nsomba amadya yaiwisi, ndi timitengo tiwiri. Mkulu wa sitima amamutchula kuti Sencho, ndi bambo wa imvi, wosalankhulalankhula. Amene timamvana naye ndi wophika, dzina lake Kuroda, anakulira ku Brazil ndiye Chipwitikizi chake n'chothyokathyoka ngati changa.

M'chipinda cha a Sencho muli kanyumba ka matabwa kokhomedwa m'mwamba, kochepa kuposa khola la nkhunda. M'mawa uliwonse amaikapo mpunga, mchere ndi madzi, n'kuwomba m'manja kawiri. Ndinafunsa Kuroda kuti amadya ndani zimenezo, anati mwini sitima. Ndinati mwini sitima si kampani kodi? Anangoseka.

Muwauze amayi kuti mawu awo ndawasunga. Anati mwana wamwamuna ali naye mmodzi yekhayu, ndamutenga ndine, ndidzamubweze ndine. Bwato mulikokere kumtunda, ukonde musabwereke munthu ngakhale alire bwanji. Masipayi, apolisi a Apwitikizi aja, akabwera za thonje muwaonetse pepala ndaikamoli, aone kuti ndili pa ntchito. Zina za kumeneko sindifunsa, makalata a masiku ano ali ndi owerenga ambiri.

Ndine mwamuna wanu,
Bwanausi

Debeni, 30 Mayo 1971

Amake Saumu,

Mtendere ukhale nanu nonse. Thupi lili bwino, manja okha ndiwo ang'ambika ndi mchere. Taima pano masiku atatu kumwetsa sitima mafuta. Ndatumiza maeskudo kudzera kwa ajenti wa kampani, mugule nsalu ya kapulana yanu ndi ya amayi, yotsalayo mugule mchere usanakwere mtengo pa kantina.

Pali nkhani, koma iyi amayi asaimve. Tsiku lonyamuka pa Nakala a Sencho anatiimika pa mzere tonse, anabwera ndi lumo ndi timaenvelopi toyera. Akuti aliyense amete tsitsi pang'ono, awenge zikhadabo, aike m'envelopi, alembe dzina. Anayamba ndi iwo eni. Anzawo onse anachita osafunsa, ngati akulandira phoso. Itafika nthawi yanga ndinabisa manja kumbuyo, ndinati chipembedzo changa sichilola. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kuwerama, n'kupitirira.

Koma mlongo wanuyu. Ndinamutsina, ndinamuletsa m'Chiyao, iye kumangoseka, ati alamu, paja mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Anameta, anawenga, ndipo posadziwa kulemba anadinda chala chake cha mafuta pa envelopiyo. Maenvelopi onse anawaika m'bokosi pansi pa kanyumba kaja.

Kuroda akuti ndi za abale, munthu akapanda kubwerera. Ndiye kuti akudziwiratu kuti wina sabwerera? Mfiti sinena kuti ndikukudya, imati ndikukusungira. Inu ntchito ya tsitsi ndi zikhadabo mukuidziwa, kwathu ngakhale Saumu amadziwa kukwirira zake akametedwa. Mukumukumbuka mkulu uja wa kutsidya kwa dambo, amene ukonde wake unkadzadza chaka chimene tonse tinkadyera therere? Mukukumbuka mmene mphwake anafera, anthu n'kumamuonabe akukoka ukonde atasanduka ndondocha? Ndiye kuno nsomba zikufa zoopsa, iliyonse kukula ngati thole, mpaka mosungiramo mukukana. Tsiku lina ndinamupanikiza Kuroda atalawa kachasu wawo wa mpunga, anaulula kuti m'thabwa la pafupi ndi chiwongolero anatsekeramo tsitsi la mkazi pamene ankakhoma sitimayi. Anatero ndi pakamwa pake, wopanda ndi manyazi omwe.

Mupite kwa a shehe atilembere talasimu ziwiri zotiteteza, muwapatse tambala wofiira uja. A Amisi azitumize kwa ajenti ku Nakala, zidzatipeza. Ine diso langa lili pa Nasoro.

Bwanausi

Japani, 17 Agosto 1971

Amake Saumu,

Ndikhulupirira muli moyo monga ife tilili. Kalata ya a Amisi ndi talasimu zatipeza kuno. Yanga ndavala, ya Nasoro ndamusokera m'kolala ya jekete chifukwa akuti ikumuyabwa pakhosi. Ndamva zoti a shefi wa posto, mkulu wa boma uja, akufuna kuunjika midzi pamalo amodzi. Musalimbane nawo, mbuzi zokha muziwolotsere kwa azakhali anu ku Nayuchi.

Tafika kwawo kwa eni sitima. Dzina la dokoli sinditha kulilemba. Dziko ndi laukhondo mochititsa mantha, pa msewu palibe ndi khoko la nthochi lomwe, ndipo mtengo wa dzira limodzi kwathu mungagule nkhuku. Chikomekome cha mkuyu, ine ndikungodikira kuona nyerere zake. Mzikiti sindinauone. Tinyumba ta mizimu ndiye tili paliponse, pa phiri, pa msika, kuseri kwa loja ya malonda, polowera pake mitengo iwiri yofiira ndi ina yopingasa pamwamba. Asanalowe amasamba m'manja ndi kuchukucha m'kamwa, Nasoro n'kumati taonani alamu, akutawaza ngati ife. Ndinati madzi ndi amodzimodzi, koma ufunse akugwadira ndani.

M'mbali mwa njira muli timiyala tosemedwa ngati ana, atativeka tinsalu tofiira pachifuwa. Pa doko pali mwala waukulu umene amapepesapo nsomba zimene anapha. Kupepesa nsomba, amake Saumu. Ndipo akufa awo sawaika m'manda ndi thupi, amawaotcha, n'kutola mafupa ndi timitengo. Tsiku limene ndinamva zimenezi sindinadye.

Sabata ino akuti akufa awo abwera kudzacheza, ndiye aliyense wasesa pakhomo ndi kukoleka nyali. A Sencho anatiitanira kwawo, ife awiri ndi Kuroda. Tinavula nsapato, tinakhala pa mphasa. Nkhumba sanatipatse, anafunsiratu, pamenepo ndiwavomere. Koma pakona pali kabati yakuda yotsegula, m'kati chithunzi cha mnyamata wovala zausilikali, patsogolo pake mpunga, zipatso ndi lubani akufuka. Akuti ndi mng'ono wawo, anathera m'nyanja pa nkhondo. Pambali pa chithunzicho pali kabokosi kokulungidwa nsalu yoyera. Akazi awo atakasuntha kuti aike mbale, ndinamva ndi makutu angawa kanthu kakuti gobede m'katimo.

Ndiye lumikizani nokha. Mng'ono anafera m'madzi, mtembo sunaoneke, mkulu ali ndi sitima yosabwerako chimanjamanja, ndipo amamudyetsa mpunga tsiku ndi tsiku. Kwathu zimenezi timazitcha chiyani? Nasoro akuti ndine wamantha, akuti anthuwa amangokonda akufa awo. Waphunzira kale kuwerama, akudya ndi timitengo, a Sencho amamuitana Naso-san ndi kumugawira fodya wawo. Ine ndimaweta mbuzi, ndimadziwa imene amaionjezera madeya.

Bwanausi

Japani, 20 Setembro 1971

Amake Saumu,

Tili bwino, Mulungu akusungeninso inu. Sitima aikonza, mawa tikubwerera ku nyanja za kummwera kwa Joni. Ndakugulirani kawailesi kakang'ono kokwana m'chikhatho, Nasoro wagulira amayi bulangete ndi ambulera. Zidzabwera nafe.

Nkhani ija ndaikonza. Lachisanu masana anzathu onse anakwera phiri kukapempha ulendo wabwino kwa mizimu yawo, Nasoro anapita nawo kukaonerera. Ine ndinati mutu ukuwawa, anandisiya m'sitima ndikupaka penti. Sindilemba zambiri. Mungodziwa kuti chimene anali nacho m'manja pa mlongo wanu tsopano alibe, ndipo sakudziwa kuti alibe. Mwini wakeyo sindinamuuze, pakamwa pake m'potayirira. Chichokereni ku Nakala, tsiku limenelo ndi limene ndinadya n'kukhuta.

Udzu wa denga mumwetetu mvula isanayambe, ndipo mbewu ya mpunga musaidye.

Bwanausi

Kepi, 11 Fevereiro 1972

A Amisi, kalata iyi muyambe mwaitana a shehe ndi akuluakulu, musawawerengere amayi ali okha.

Inna lillahi wa inna ilaihi rajiun. Amake Saumu, Nasoro watisiya.

Linali tsiku la 23 Janeiro, dzuwa lili pamutu, kumadzi ozizira a kummwera. Tinkakoka chingwe cha mbedza, nyanja itakwiya chiyambire m'mawa. Funde linakwera m'mbali mwa sitima, linatigwetsa anthu anayi. Atatu tinadzuka. Nasoro anali pafupi nane mikono iwiri yokha. Ndinaona jekete yake kamodzi pamwamba pa madzi, yomwe ija ndinasokamo talasimu, kenako sindinaionenso.

A Sencho anadula chingwe chonse ndi nsomba zake zomwe, anatembenuza sitima. Tinafunafuna masiku atatu. Masiku atatuwo iwo sanadye, sanakhale pansi, anangoima panja ndi magalasi oonera patali mpaka milomo inasweka. Tsiku lachinayi onse anaima pa mzere, anaponya m'madzi mpunga, fodya ndi maluwa opinda ndi pepala. Kuroda analira ngati mwana. Ine ndinaswalira mlamu wanga ndekha, popanda jeneza, popanda mtembo, iwo ataima kumbuyo kwanga zipewa zili m'manja.

Mtima wanga ukufunitsitsa kunena kuti ndi iwowa. Ndakhala ndikuwayang'ana a Sencho kuti mwina ndiona kachimwemwe kobisika, ndakhala ndikudikira kuti nsomba zichuluke. Nsomba zachepa. Komanso pali chifukwa china chimene sindingawanenere, chimenecho ndikuchidziwa ndekha.

Ndatumiza maeskudo a sadaka, mugule mpunga ndi mbuzi. Kwa amayi sindikudziwa choti ndinene. Muwagwire.

Bwanausi

Nakala, 2 Abril 1972

Amake Saumu,

Ndili moyo, za thupi tisakambe. Kalata ya a Amisi ndaipeza pano. Ndamva kuti amayi sakudya, akungokhala pa gombe, akuti sangalire mwana amene sanamuike. Ndamvanso kuti akuti mwina ndamugulitsa. Sindikuwadandaula.

Dzulo a Sencho anandiitana m'chipinda mwawo, Kuroda ali pomwepo kumasulira. Anavala jekete yakuda. Anagwada pansi, bambo wa imvi uja, anagunditsa chipumi pa thabwa patsogolo pa ine, ndipo anakhala choncho mpaka ndinachita manyazi. Kenako anandikankhira kabokosi kokulungidwa nsalu yoyera, kofanana ndi kaja ndinakaona kwawo.

Anati mng'ono wawo atamira pa nkhondo, boma lawo linatumiza kabokosi kotere kwa amayi awo. Amayiwo atatsegula anapezamo mwala. Mwala wamba wa pa msewu, kuti bokosi lilemereko. Anakana kuika mwala m'manda, anakhala nalo bokosilo zaka khumi, akuligwedeza, mpaka anamwalira. Ndiye gobede uja ndinamumva ine. A Sencho akuti analumbira pa maliro a amayi awo kuti munthu aliyense wokwera sitima yawo adzasiya kanthu ka thupi lake, kuti mayi wina asadzalandirenso mwala. Akuti si lamulo la kampani, ndi lawo. Anati, Naso-san ndalephera kumubweza, koma ichi ndi iye, amayi ake akhale ndi choika m'manda.

Anandipatsa chilolezo chosiya ntchito kuti ndibwere nako ndekha kabokosiko, malipiro osadulidwa. Ndakana. Musandifunse chifukwa, manja anga sangakanyamule. Kakwera komboyo ya Lachiwiri pamodzi ndi bulangete, ambulera, wailesi ndi malipiro onse a malemu, a Amisi akalandire pa siteshoni.

Musafulumire kuwapatsa amayi. Mudikire kalata yanga ina.

Bwanausi

Debeni, 19 Junyo 1972

A Amisi, iyi muwerengere mkazi wanga yekha, kuseri kwa nkhokwe, mukatha muiponye pamoto. Ndikukupemphani m'dzina la Mulungu.

Amake Saumu,

Ndinati mudikire kalata ina, ndipo ndinailemba kanayi n'kuing'amba. Pamene ndimazengereza yanu yandipeza. Mwati amayi anakalanda kabokosi pa siteshoni pomwepo, ndani akanawaletsa. Mwati anatsegula envelopi, anaona chala cha mwana wawo chodindidwa, ananunkhiza tsitsi n'kunena kuti ndi iyeyo, fungo lake la phula ndi nsomba ngati mmene ankachokera ku bwato. Mwati a shehe analola, munakulunga m'nsanda, munaika pafupi ndi manda a bambo anu, mudzi wonse unabwera. Mwati tsopano akudya, ayambanso kupita kudimba, ndipo akuti mundiuze kuti ndasunga mawu anga, mwana ndawabwezera.

Amake Saumu, mwaika chingwe.

Lachisanu lija ku Japani ndinalowa m'chipinda cha a Sencho, ndinatsegula bokosi. Zilembo zawo sindiziwerenga, koma chala cha Nasoro ndinachizindikira. Ndinamatula envelopi pa nthunzi ya ketulo. Tsitsi lake ndi zikhadabo zake ndinazitaya m'madzi a pa doko, ndikunena Bismillah, ndili wokondwa kuti ndamuwombola. M'malo mwake ndinatosola chingwe chakuda cha mbedza, ndinachipota m'zikhatho mpaka chinapiringizika ngati tsitsi lathu, ndinadula mamba ouma a nsomba ngati zikhadabo, ndinamatanso ndi phala la mpunga. Ndinadziona wochenjera kuposa anthu onse a m'dziko limenelo.

Amati safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa, Kuroda anandiyankha zoona tsiku loyamba lomwe, phula ndinadyabe. Munthu uja anasungira amayi mwana wawo, amene anawatumizira mwala ndine. Ndayesa kudzitonthoza kuti chingwecho Nasoro anachigwira ndi manja ake miyezi isanu, thukuta lake lilimo. Sizikunditonthoza.

A Sencho sindinawauze, ndipo za kanyumba kawo ndi mizimu yawo sindikuzimvetsabe, pa Mulungu wanga sindisuntha. Koma za amayi, mwana wawo ndinu, muweruze ndinu. Mukaona kuti adziwe, muwauze kuti ndi ine ndinachita, ndipo mukati ndisadzapondenso pamudzi panu ndidzamva. Mukaona kuti azidya ndi kupita kudimba, katunduyu tisenza anthu atatu, ine, inu ndi a Amisi, mpaka kufa. Pepani kuti ndakusenzetsani, ndekha wandikanika.

Mawa tikubwerera kumadzi omwe aja. Lero m'mawa ndinagogoda kwa a Sencho ndi lumo m'manja. Anangotulutsa envelopi, anandigwirira pamene ndinkameta. Dzina ndalemba ndekha m'zilembo zathu kuti a Amisi adzathe kuwerenga. Ndikuyembekeza kubwera ndi miyendo yanga chaka chamawa, Mulungu akalola. Koma kakadzatsika kabokosi koyera pa Entre Lagos, musadzakayike, za m'katimo ndi zanga ndithu.

Mupsompsone ana.

Ndine mwamuna wanu, ngati mukundilolabe,
Bwanausi